Tsiku limene ndinakomoka kusikelo

Kuli azimayi ena ku Magaleta amene mpaka lero akandiona amayamba kaye aseka, moni pambuyo. Sindiwaimba mlandu, ndinaziyamba dala.

Chaka chimenecho chikuku chinavuta kwathu, ana ankangoikidwa motsatizana. Galimoto ya sikelo inkabwera kamodzi pamwezi, ndipo mvula ikayamba (msewu wa ku Neno mukuudziwa) inkatha kusowa mpaka dzinja litatha. Mayi a kunyumba anali m'chikuta, ndiye zopita ndi Tadala, mwana wathu wa zaka zitatu, kukabayitsa katemera zinagwera ine. Masiku amenewo mwamuna kusikelo anali ngati mbuzi yolowa m'tchalitchi. Ndinapeza azimayi akuimba nyimbo ya magulu atatu a zakudya, ndipo atandiona nyimbo inadukira pakati.

Tadala atangoona mnzake akubayidwa, anakuwa n'kundikakamira mwendo. Ndinamukalipira, osatheka. Ndinamuopseza kuti ndiitana a Yufi aja ofunsa makadi a chipani pamsika (nzeru za abambo zimenezo), kulira kunangowirikiza.

"Bambo, akapanda kukhazikika sitimubaya, singano ingathyokere m'thupi," anatero anesi. "Ifetu tikupitirira ku Chifunga."

Kubwerera naye osabayitsa, chikuku chili pakhomo loyandikana nalo? Ndinapinda malaya mwachamuna.

"Tadala, taona, ayambe kubaya ine. Sizipweteka n'komwe."

Anesi, pofuna kundithandiza sewero langali, anandipukuta mkono ndi thonje lozizira n'kukweza jakisoni m'mwamba. Abale inu, singano ija ndinaiona ikutalika ndi maso angawa. Kenako mdima bii.

Ndinatsitsimuka ndili chagada pafumbi, malaya atanyowa, mayi wina akundikupiza ndi chitenje. (Anesi akuti singanoyo sinandikhudze n'komwe.) Koma chimene chinandilasa mtima ndi Tadala. Anali atasiya kulira, wangoti kakasi. Mwanayo ankaganiza kuti bambo ake afa.

Manyazi ndinawaika pambali. Ndinachita zimene amayi ake ankachita iye akagwa: ndinamenya pansi ndi chikhatho.

"Iwe nthaka, wandigwetseranji? Ulibe ulemu eti? Tadala, bwera undithandize, imenye!"

Anandiyang'ana kaye. Kenako kadzanja kaja, pha!

"Wagwetsa ababa iwe!" Pha! Pha!

Apo anayamba kuseka, mamina ali mbwee, azimayi onse nawo kuseka mpaka ena kugwira nthiti. Ndinamukhazika pamiyendo ndidakali pafumbi pomwepo.

"Tsopano undigwire zolimba, inetu ndikuopa."

Anandikumbatira m'khosi. "Musalire ababa, ndilipo."

Anesi sanachedwe. Mwana anangoti "Mayo!" kamodzi, misozi iwiri, basi, n'kutembenuka kundifunsa ngati ndili bwino. Ndinapuma mpweya umene ndinausunga kuyambira m'mawa. Kunena zoona, nanenso misozi inalengeza.

Nkhani inafika kunyumba ife tikadali m'njira. Tinapeza mayi a kunyumba akuseka mpaka khanda kudzidzimuka. "Ndinatuma wamkulu kuti aperekeze mwana," anatero, "kani ndi mwana anaperekeza wamkulu."

Chikuku chija chinadutsa, pakhomo pathu sichinalowe. Tadala lero ali ndi ana ake, ndipo akamalira sawaopseza, amawaseketsa mpaka mantha atathawa. Ine phunziro langa ndinalitenga theka. Mwana sindinamuopsezenso, koma ndikadwala ndimafulumira kuuza adokotala kuti thupi langali limayanjana kwambiri ndi mapiritsi.