Mkamwini wa ku Tsangano Salumidwa ndi Udzudzu

Mpaka lero ndikangoti mutu ukundiwawa, akazi anga amayamba kumasula kapulana, chitenje chawo cha m'chiuno, uku akuseka. Ine ndikudziwa kumene zinachokera.

Kwathu ndi ku Tsangano, kumtunda kozizira, ndipo ndinakula ndikudzitama kuti udzudzu ndi wa anthu a kumunsi. Nditapeza mbeta ku Chidzolomondo, dzina lake Rosita, ndinapita kukathandiza makolo ake kuthyola fodya kuti aone kuti mkamwini akubwerayu si mlesi. Inali nyengo ya mvula, zithaphwi ponseponse.

Rosita anandibweretsera neti yoteteza udzudzu, yokulunga ngati kamtolo. "Amayi akuti mumange rede iyi pogona. Udzudzu kuno ngwambiri."

"Ine? Magazi a ku Tsangano ngozizira. Udzudzu ukalawa umadwala chimfine."

(Ndinkafuna aseke. Anasekadi, ine n'kudzimva mwamuna.) Rede ija ndinaisandutsa mtsamiro.

Patapita masabata angapo linafika tsiku la chinkhoswe. Tinakhala pabwalo dzuwa lili paliwombo, ine ndili m'jekete yobwereka. Amalume a Rosita atangoyamba kulankhula, mano anga anayamba kugundana. Kenako mawondo. Kenako benchi lonse, mpaka amalume anga amene tinakhala limodzi ankagwedezeka nawo.

"Kodi mkamwiniyu akuopa banja, kapena walawirira kachasu?" anafunsa amalume a Rosita.

Ndinachita mantha zedi, ndinaona mbeta ikundipulumuka. Ndinaimirira kuti ndidziyankhire, koma m'malo mwa mawu panatuluka mbatatesi za m'mawa, molunjika pa nsapato zawo.

Apongozi aakazi, amene mwamwambo sankayenera n'kundiyandikira komwe, anathamanga n'kundigwira pamphumi. "Malungo awa! Itanani mota msanga!"

Poti ndinali lende, anandimangirira ndi kapulana wawo kumsana kwa woyendetsa njinga yamotoyo, ngati khanda, mpaka ku chipatala ku Furancungo. Anthu a pamsika anaonera zaulere.

Namwino atandiyeza magazi anapukusa mutu. "Positivo, malungo alimo. Mukanachedwa akanakwera ku ubongo, bwenzi tikunena zina. Udzudzu wa anofelesi sufunsa kuti kwanu n'kuti, bambo."

Rosita sanandikane, mwa chisomo. Mphatso ya apongozi pa ukwati inali rede yomwe ija, yochapa bwino, ndipo ndimagonamo mosachita kuuzidwa. Kapulana uja Rosita anamusunga m'sutikesi. Mwana wathu woyamba atabadwa, ndinati amuberekere ameneyo.

"Ayi," anatero akuloza ine. "Ameneyo ngwa mwana wanga wachisamba."