Moni wa a Kalisto

Kwa Kasisi kuno sikunabadwe munthu wokonda kupereka moni ngati malemu a Kalisto. Sindikunena moni wa panjira ayi. Pansi anali munthu wosayankhula, mawu ankatuluka ngati akuzula dzino. Moni wawo unkachokera pamwamba pa mgwalangwa, m'mamawa, ndipo unkagwera munthu wamtundu umodzi basi: amene wanjuta m'bango kudzithandiza.

Ntchito yawo inali yogema uchema, mowa wa mgwalangwa. Mgwalangwa wawo unali m'mphepete mwa mtsinje wathuwu, wautali moti chipewa chikawagwa Lolemba chinkafika pansi Lachitatu. Kumtunda kwake kunali bango lowirira, kumunsi kwake dooko limene amayi amatungapo madzi akumwa. Tsono madzi sadumpha. Amadutsa m'bango kaye, kenako n'kulowa mumtsuko. Koma kukumba chimbudzi mumchenga wa kuno n'kukumbira madzi osefukira, ndiye abambo ambiri ankangoti, bango lilipo.

Woyamba kulawa anali a Paison, bambo a ulemu wawo, oyimbira kumapeto m'kwaya ya kutchalitchi. Atangokhazikika bwinobwino, kumwamba kunang'ambika.

"Mwadzuka bwanji, a Paisooon!"

Inu mukudziwa kuti moni sakana. Wosayankha moni ndi mfiti. Bango linagwedezeka pang'ono, n'kutulukamo kamawu ngati ka mwanapiye.

"Ndadzuka, kaya inu shamwali."

"Takhuta, zikomo! Nanga kunyumba? Mayi aja mwendo uli bwanji?"

"Ukuchira."

"Mbuzi ija inaswa?"

"Inaswa."

"Angati?"

"Awiri. A Kalisto, chonde."

"Atonde kapena aakazi?"

Padooko amayi anatula mitsuko n'kugwira nthiti. Mmodzi anaseka mpaka kugwera m'madzi, anzake n'kumuvuula akusekabe. Mawu a a Kalisto ankafika kutali, anthuni. Akuti tsiku limenelo munthu wina ku Chiromo anadzidzimuka m'tchire, nayankha kuti, "Atonde!"

A Paison sanagonje msanga. M'mawa mwake anafunda chitenje cha akazi awo kumutu, n'kulowa m'bango chokwawa.

"Mwadzuka bwanji, mayi a kwa Paison! Koma ndevuzo zamera liti, mayi?"

Sabata isanathe a Paison anali ndi chimbudzi chakuya moti okumbawo anachita kuwatulutsa ndi chingwe.

Munthu mmodzi yekha sankaseka padookopo: akazi awo a Kalisto, mayi Clotilda. Anzawo akamagubuduka, iwo ankangoyang'ana madzi mmene akubwerera, mtsuko uli pambali.

"Mayi a Dorika, amuna anuwa mwawadyetsa chiyani?"

"Ndi moni basi," iwo ankatero, n'kumiza mtsuko.

Zinthu zinafika povuta pamene moni unagwera a Edmund, tcheyamani wa chipani m'mudzi muno. Masiku amenewo munthu ankatha kusowa chifukwa chotsokomola pamalo polakwika. Mayi Clotilda anawaona a tcheyamani akulowa m'bango, khadi la chipani likusuzumira m'thumba la malaya, ndipo anakweza maso kumgwalangwa ngati akuti, leroli lokha. Koma kumwamba kunalibe leroli lokha.

"Mwadzuka bwanji, a tcheyamani athu! Chitukuko chikuyenda?"

Padooko panalibe anaseka. Ngakhale achule anatseka pakamwa.

Masana a Kalisto anaitanidwa ku komiti. Mlembi, mnyamata wokonda mawu akuluakulu, anawafunsa zimene ananena.

"Ndinati mwadzuka bwanji."

"Basi?"

"Ndinafunsanso za chitukuko. Kodi moni unaletsedwa liti? Ine wayilesi ndilibe."

Mlembi anatembenukira kwa a Edmund kuti afotokoze chimene ankachita m'bangomo, poti mlandu umayenera kumveka mbali zonse.

"Ndinkayendera dera," anatero a tcheyamani.

"Chonjuta," anawonjeza a Kalisto mwaulemu, "kuti aone bwino za pansi."

Komiti yonse inagwidwa ndi chifuwa nthawi imodzi. Chigamulo chinali chakuti mgwalangwa udulidwe. M'mawa kunabwera ayufi ndi nkhwangwa, n'kupeza mwini wake ali kale pamwamba, miyendo ili lendelende.

"Tsikani, madala!"

"Dulani, ana anga. Ndigwa nawo. Koma poti mwalawirira, yambani mwatsuka kukhosi."

Chipanda cha uchema chinatsika pa chingwe. Chinakwera chopanda kanthu, chinatsikanso chodzaza. Dzuwa likufika pamutu, ayufi anabwerera kwawo akuyimba, nkhwangwa ataiwala. Ilipo mpaka lero, a Paison amawazira nkhuni. A Edmund ataona kuti nkhaniyi ikafika kuboma ifika ndi bango lomwe, anakumba chimbudzi, n'kulengeza pamsonkhano kuti nzeruyo ndi ya chipani, ndipo wopanda chimbudzi ndi woukira. Mudzi wonse unawomba m'manja.

Madzulo a tsiku la nkhwangwalo, mayi Clotilda anawapeza amuna awo pakhonde akutsuka zipanda.

"Adzakutengani, bambo a Dorika. Galimoto ya apolisi ija ikatenga munthu sabwera msanga."

"Ndiye ndisiye?"

Mayiwo anatenga chipanda china n'kuyamba kutsuka nawo.

Dorika amene ankatchulidwa nayeyo anali mwana wawo mmodzi yekha. Chaka chimene kolera inafika kuchigwa kuno, moni uja usanayambe, mtsikanayo anadzuka akuseka, masana anayamba kutsegula m'mimba, ndipo anamwalira pamachira asanafike kuchipatala cha ku Chikwawa. Maliro atatha kunabwera bambo wa zaumoyo pa njinga, nasonkhanitsa anthu padooko pomwepo. Analoza bango, analoza mitsuko, n'kunena kuti chimene munthu wasiya uko, mwana amamwera kuno. Anthu anavomera kuti n'zoona, anamuthokoza, ena mpaka anamupatsa nsomba. Kutacha, bango linadzaza monga mwa masiku onse.  Madzi amene mwanayo anamwa anatunga ndi mayi Clotilda, ndi manja awo, ndipo m'nyumbamo nkhaniyo sanaikambepo, ngakhale kamodzi. A Kalisto anangokwera mumtengo n'kuyamba kupereka moni.

Zaka zambiri zinadutsa choncho. Bango linangotsala la mbalame, kolera ikamveka midzi ina, kuno inkalambalala. Aliyense ankati a Kalisto adzafa chogwa mumtengo, ndipo a Paison anali atasankha kale nyimbo yake. Koma ayi, anafera pamphasa, ndi chifuwa, mwakachetechete ngati munthu amene sanakuwepo chibadwire. Pamaliro a Edmund analankhula za munthu wachitukuko. Wina kumbuyo ananong'ona kuti, "Mwadzuka bwanji," anthu n'kuseka m'manja, kenako n'kusiya msanga, chifukwa mayi Clotilda anali pomwepo, osalira, akungoyang'ana dothi.

Dzinja lotsatira madzi anasefukira n'kugwetsa zimbudzi. Ena anakumbanso, ena anati tikumba tikakolola. Mgwalangwa unauma mutu, monga imachitira yogemedwa, n'kutsala chitsa chachitali choloza kumwamba. M'mamawa kuno tsopano kumangomveka atambala. Munthu umadzuka, n'kumvetsera, osadziwa kuti ukudikira chiyani.

Tsiku lina mayi Clotilda ali padooko anaona bango likugwedezeka. Munatuluka Jeremiya, mkamwini watsopano wa m'mudzimu, akumanga lamba. Amayi ena anaweramitsa mitu, ena anayang'ana kwa mayi Clotilda. Iwo anaimirira. Ukakhala pansi, osati mumtengo, munthu umamuona zitatha kale.

"Mwadzuka bwanji, a Jeremiya," anatero, mawu osafika n'kutsidya komwe.

Mnyamatayo anali woleredwa bwino. Anavula chipewa, anapinda maondo, n'kuwomba m'manja.

"Ndadzuka bwino, amayi, kaya inu. Zikomo kwambiri."

Anasamba m'manja mumtsinjemo, n'kumapita akuyimba likhweru.

Mayi Clotilda anakhala pamchenga kudikira kuti madziwo adutse. Anzawo nawo anakhala. Koma mtsinje suuza munthu kuti zadutsa tsopano. Dzuwa litayamba kuwotcha kumsana, anamiza mtsuko.