Mfuti ya aPhiri, Nambala Wani

Tsiku limenelo analipo Mateyu, mwana wanga woyamba, ndi mkazi wake amene sanapondepo pakhomo panga chiikireni maliro a apongozi ake. Analipo mwana wanga wamkazi Esinati ndi ana ake, analiponso Dalitso chitsirizira, amene foni yake imasowa netiweki ndikamuimbira ine. Amene kunalibe ndi mwana wanga Filipo wa ku Kitwe, anangotumiza mawu akuti gawo lake timuponyere pa foni, ndiponso amuna anga aPhiri eni mfuti, amene anagona kale kumanda a ku Kasisi. Ndayamba ndi maina kuti mudziwe kuti manyazi anga anali ndi mboni, anzanga.

Mfutiyo aPhiri anaitenga kwa atate awo kwathu ku Katete, kuno ku Chongwe ankangoopsezera anyani m'chimanga. Chimwalirireni iwo inkakhala kuseri kwa wadiropu, mapepala ake ali m'dzina langa. Nyumba yonse ija tinatsala atatu, ine, wailesi ndi mfuti, ndipo ndisakubisireni, masiku ena ndinkaipatsa moni.

Ndiye tsiku lina foni n'kulira, Mateyu. Ndinayamba ndafunsa kuti wamwalira ndani.

"Iyayi amai, ija mfuti ya adadi ikaliko? Ba boss banga ba Chanda ba ku Silverest bamasunga mamfuti akudala. Sibaombela, bafuna chabe manambala. Nambala ikankhala ing'ono, ndalama ni zambili. Muiwelenge."

Ine sukulu ndinalekera giredi thu, koma nambala siindipita. Ndinasuzumira m'dzimbiri muja n'kumuwerengera: ziro, ziro, folo, seveni. Mwana anakuwa ngati waponda moto! Dzuwa lisanalowe onse anali atandiimbira, mpaka Esinati kufunsa kuti maondo anga ali bwanji. Maondo amene ndadandaula nawo zaka zonsezi!

Ndinawauza kuti mfuti ya atate wanu siichoka pano ngati nkhuku yogula pamsewu, mubwere nonse Loweruka. Ndalamazo sindinaziganizire kwenikweni, ndinkafuna phokoso la anthu pakhomo. Ndinapita kwa aneba, amake Loveness, n'kukongola mbuzi.

Tsopano mundiuze, akubwera bwana wa mwana wako, munthu wa galimoto, ungamutulutsire chinthu cha dzimbiri ngati khasu lotola kudzala? Ndinati iyayi, makamaka pa nambalapo paoneke bwino, pakuti ndi pamene pali mtengo. Ndinayamba ndi phulusa. Ndinabwera ndi mchenga ndi waya wotsukira mapoto. Nditaona kuti dzimbiri lakakamira ndinakumbukira sandipepa ya aPhiri, ndinakwecha, ndinakwecha, ndikuimba nyimbo ya ku kwaya, ndipo nditapukuta ndi chitenje, mayo ine! Chitsulo chili mbee ngati supuni ya pa ukwati, koma nambala kulibe. Folo wapita, seveni wapita, maziro apita. Kani chimene chinkagwira manambala aja ndi dzimbiri lomwelo.

Ndinakhala pansi pakhonde, mbuzi ikundiyang'ana. Ndimuuze Mateyu? Ndiye kuti Loweruka sikubwera munthu, ndidya mbuzi ndi wailesi. Ndinatenga msomali ndi hamala, ndati nambala ndikuikumbukira, ndiibwezerapo, ndani adziwe? Apa m'pamene Satana anadzakhala pambali panga. Anati, Nabanda, kodi mwana sananene kuti nambala ikachepa ndalama zichuluka? Nanga uvutikiranji ndi folo wa makona uja, pamene wani ndi kamzere kamodzi? Ndinaona kuti akunena zanzeru. Ndinakhoma ziro, ziro, ziro, wani. Maziro anatuluka ngati mazira opondedwa, koma ndinapaka polishi wakuda wa nsapato mfuti yonse kuti ibwerere ku ukalamba wake, ndinaona kuti zatheka.

Loweruka lija, anzanga, sindidzaliiwala. Magalimoto awiri pansi pa mango, adzukulu akuthamangitsa nkhuku, mpongozi wanga akundigwadira n'kumati "ba mami", utsi wa nyama uli tolotolo. Ndinalowa m'chipinda kukapukuta misozi, ndinanamizira anyezi.

Ba Chanda anafika ndi malaya oyera, n'kuvala magolovesi oyera ngati wotumikira pa Misa. Ndinawabweretsera mfuti pa chitenje chatsopano, n'kugwada. Kungoigwira, magolovesi bii! Anadziyang'ana m'manja, anatulutsa kagalasi kokuzira zinthu, anayang'ana nambala nthawi yaitali.

"Ba mayo, iyi nambala analemba ndani?"

"Azungu," ndinatero, osaphethira. "Imeneyi ndiyo inayamba, zinazo ndi ana ake."

"Mmm. Koma nambala wani ya mtundu uyu ili ku nyumba kwanga. Na pepala yanu ikamba foti seveni."

Dalitso anati, "Amai, mwaichita chani mfuti ya adadi?" Ndinati ndangoitsuka, mwana wanga. Mpongozi uja wa "ba mami" anathawira kuseri kwa nyumba, ndinkamumva akuseka mpaka kutsokomola. Ba Chanda anaiika pansi pang'onopang'ono ngati njoka, anati mfuti yofufutidwa nambala ndi mlandu, sangaitenge ngakhale yaulere, tikaipereke kupolisi tsiku lomwelo.

Ana anandikweza m'galimoto ndi nsalu yanga ya ku tchalitchi, msomali ndi hamala zili m'pepala ngati umboni. Wapolisi anandifunsa kuti ndinaphunzira kuti ntchito imeneyi, kenaka anaitana mnzake kuti adzaone maziro anga. Anandikhululukira chifukwa cha imvi, koma mfuti inatsala komweko. Pobwerera tinapeza mbuzi yatha theka, ndipo dzuwa likupendeka onse anali atanyamuka, Esinati atatenganso maungu anga. Ndinayang'ana kuseri kwa wadiropu, ndinapezako kangaude yekha.

Ndalumbira, chinthu chakale sindidzachitsukanso, chikhale ndi dzimbiri lake ngati ine mwini. Makina osokera a malemu amayi anga ali ndi fumbi lake lonse, ndipo ndamuuza Dalitso kuti nawonso ali ndi nambala. Anafunsa kuti ndi yaing'ono? Ndinati maso anga sakuona bwino, mubwere nonse mudzawerenge nokha. Nambalayo ndi yaitali ngati ya foni, koma ati abwera kumapeto kwa mwezi.

Zotsala ndi izi. Magolovesi a ba Chanda amene ndinadetsa aja sindinalipire. Filipo akufunsabe gawo lake, ndamuuza kuti adzatenge ndi manja ake. Maungu Esinati sanathokoze. Ndipo kwa amake Loveness mbuzi zafika ziwiri, chifukwa ya kumapeto kwa mwezi ndakongola kale.