Mapuroni a Malume

Mpaka lero ndikakumana ndi malume ake a mkazi wanga ndimayang'ana kaye pansi, koma ndinene poyambirira: chakudyacho chinali chokoma, ndipo pamenepo sindisintha mawu.

Inali nthawi ya korona, malire atatsekedwa. Ine ndi Chisomo tinali titagwirizana zomanga banja, koma makolo ake ku Dedza anati zonse ayendetse ndi malume ake a ku Balga, dera la mumzinda womwe tinkakhala kunja kuno. Iwo akakana, ndiye kuti zathera pomwepo. Ndinawaitana kuti adzadye kwathu Loweruka, iwo anati bola Lamulungu. Munthu wanzeru akanatolapo kanthu, koma ine ndinangoti mwina ndi ntchito.

M'miyezi yobindikira ija, ndikaweruka ku Kewdale komwe ndimanyamula katundu, ndinkaonera makanema a zophika. Ndinagwa m'chikondi ndi chakudya cha kummwera kwa dziko la Amereka: mapuroni (tingoti bwanoni wa m'madzi) okazinga ndi adyo, batala ndi tsabola, n'kuwaika pamwamba pa phala la mgaiwa lothira tchizi. Mphindi makumi awiri chapsa. Wogulitsa vinyo anandisankhira woyera, wowawasa pang'ono, n'kundiuza kuti ameneyo ndiye bwenzi la za m'nyanja. Mawu akewo ndinawaloweza ngati vesi. Chisomo, yemwe ndi namwino, sindinamuuze kanthu (ndinkafuna nayenso adabwe), ndipo tsikulo anachedwa kuchipatala.

Malume ndi akazi awo atakhala, ndinabwera ndi mbale, fungo lili guu nyumba yonse. Ndinatsegula botolo, n'kuyamba ulaliki wanga wa momwe kuwawasa kwa vinyo kumachepetsera mafuta a batala. Malume ankangondiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mwana wanga, tizilomboti tili ndi mamba?"

"Ayi malume, ndasenda bwinobwino."

"Sindikunena zosenda. Mulungu potilenga anatipatsa mamba?"

Apo m'pamene Loweruka lija linandibwerera m'mutu. A Sabata! Si a Sabata wamba, koma mkulu wa mpingo. Za m'madzi zopanda mamba sadya, vinyo sakhudza, ndipo ine ndinali nditawaikira zonse ziwiri, n'kuwonjezera ulaliki. Ndinachita manyazi mpaka makutu kutentha. Akazi awo anasuzumira m'mbale n'kufunsa mokoma mtima, "Nanga phalali, kuli wodwala?"

Chisomo analowa nthawi yomweyo. Anaona botolo, anaona mapuroni, anandiyang'ana ine, n'kukhala pansi osavula ndi nsapato zomwe.

Tsono apa m'pamene ndimadzitama. Sindinatsutse, sindinathawe. Ndinagwada n'kunena kuti, "Malume, ndalakwa posafunsa. Mundipatse mphindi makumi awiri." Mufiriji munali nsomba yaiwisi imene mnzanga wa kuntchito anawedza dzulo lake. Ndinaibweretsa pambale isanapalidwe kuti aione okha. Malume anaisisita ndi chala mobweza, mamba n'kuimirira.

"Iyi ndiye nsomba," anatero.

Ndinatenga chiwaya china chimene mapuroni sanakhudze, ndinatsuka mpeni iwo akuona, ndinaphikanso phala latsopano. Nsomba ija ndinaikazinga ndi adyo yemweyo, batala, tsabola, ndimu pamwamba. M'malo mwa vinyo ndinathira madzi ozizira oika ndimu, ndipo ulendo uno ndinatseka pakamwa.

Malume anapemphera pemphero lalitali (anatchulamo "amene akuphunzirabe," ndipo tonse tinadziwa mwini wake). Kenako anadya. Anawonjezera. Akazi awo, omwe aja anafunsa za wodwala, anapala mbale n'kufunsa kuti tchizi ndimathira phala lili pamoto kapena nditaphula.

Atasamba m'manja, malume anaimba foni ku Dedza ife tili pomwepo, mawu ali pamtunda.

"Alamu, mnyamatayu ndamuona. Za Levitiko sadziwa chilichonse. Koma akalakwa amagwada, ndipo mwana wathu sadzagona ndi njala. Ine ndavomera."

Chisomo analira. Ine ndinathamangira kukhitchini ngati ndaiwala china pamoto, chifukwa nanenso misozi inali italengeza.

Mapuroni aja tinadya awiriwiri masiku atatu, ndi vinyo wake yemwe, ndipo wogulitsa uja sananame. Phunziro ndinalitola: mlendo uyambe wamufunsa kumene amapemphera usanayatse moto. Koma malume akamabwera, ndimabisa botolo kuseri kwa thumba la ufa, ndipo iwo akangokhala pansi amafunsa funso limodzi lomwe lija: "Apongozi, zalero zili ndi mamba?"