Bondo Limene Lidanditayitsa Buku

Ndakakamizika kulemba nkhaniyi chifukwa pasukulu pathu pafala mbiri yakuti nkhalamba ina idandinyamula n'kundiponya m'maluwa. Limenelo ndi bodza. Kugonja ndidagonjadi, koma osati mwa njira imeneyo, ndipo nkoyenera kuti munthu azichita manyazi ndi zimene zidachitikadi.

Amalume anga, amene adandilera kuyambira ndili wamng'ono, ndi mlonda panyumba ina ku Area 10. Eni nyumbayo ndi bambo a ku Japan. Podziwa kuti ndimakonda za dziko limenelo (ndidali nditaloweza mawu asanu ndi atatu a chilankhulo chawo, ndipo ndinkawatchula ngakhale pogula mandasi), amalume adandipemphera malo pa tsiku limene abwanawo adaitana ophunzira kuti adzaone miyambo yakwawo. Loweruka limenelo ndidakwera minibasi ku Old Town n'kukatsikira ku City Centre, kwinako ndidayenda pansi.

Titatha kulawa tiyi wobiriwira wopanda shuga (ndidati ndi wokoma, Mulungu andikhululukire), abwanawo adatitengera pakapinga pamene adayala chingwe mozungulira. Adafotokoza kuti sumo ndi kulimbana kwa anthu awiri m'kati mwa chingwecho. Wogonja ndi amene watuluka kunja, kapena amene wakhudza pansi ndi chiwalo chilichonse kupatula mapazi. Kenaka adakweza buku lalikulu lophunzirira Chijapani, nati wopambana alitenga. Buku lotere ndidali nditalifunafuna m'masitolo a mumzinda muno osalipeza.

Ndidavula malaya. Adandimanga lamba wansalu yokhuthala pamwamba pa kabudula, ndipo ndidawaza mchere m'bwalomo monga mwa mwambo wawo, ngakhale kuti mtima unkandipweteka poona mchere ukutayidwa. Anzanga awiri ndidawatulutsa mosavuta. Wachitatu adasowa. Apa a Mbewe, bambo a imvi amene amasamalira maluwa panyumbapo, adaika payipi pansi.

"Bwana, nanga ifeyo tikuloledwa?"

"Bambo, mungapweteke," ndidawachenjeza.

"Mwana wanga, ine ndidayamba kuzula zitsa iwe usanabadwe. Iweyo ndiwe chitsa chanji?"

Tidagundana. Kunena zoona, bambowo adali olimba ngati mtondo, koma mpweya udayamba kuwathera. Ndidawakankha pang'onopang'ono mpaka chidendene chawo chidafika pachingwe. Padangotsala kukankha kamodzi.

Nthawi yomweyo amalume, amene adali kugeti ndipo malamulo sadawamve, adatulukira pakona ya nyumba. Chimene adaona ndi mphwawo, wopanda malaya, akukankha munthu wamkulu.

"Iwe mphwanga!"

Owerenga olemekezeka, kwathu ku Mitundu mwana akaitanidwa ndi malume wake sayankha ali chilili. Mutu wanga unkadziwa bwino malamulo a sumo, koma bondo lidaphunzira kale malamulo ena. Ndidawasiya a Mbewe, bondo lidagunda pansi, ndipo ndidawomba m'manja.

"Wawa, amalume."

Abwanawo adatambasula dzanja kuloza a Mbewe. Anzanga adaphulika ndi phwete.

"Ndiye kuti ndapambana osamugwetsa?" adafunsa a Mbewe uku akupumira m'mwamba. "Masewera abwino awa. Mawa aliponso?"

Ndidapempha kuti tibwereze, koma abwanawo adawerama mwaulemu, nati bondolo aliyense waliona. Amalume atafotokozeredwa zonse adatembenukira kwa ine.

"Ndiye wataya buku chifukwa choti ndakuitana?"

"Inde, amalume."

"Palibe kanthu. Buku ndi mapepala. Anthu aona kuti udaleredwa."

A Mbewe adakana kundipatsa bukulo, ati akusungira mdzukulu wawo. Komabe adandilola kumakaliwerenga Loweruka lililonse, malinga ndiyambe ndawathandiza kuthirira maluwa. Pano ndili patsamba lachikhumi ndi chiwiri, ndipo maluwawo akukondwa kwambiri.

Ndidatsimikiza mtima kuti ndiphunzire kuyankha ndili chilili, pokonzekera mwayi wina. Koma sabata yatha amalume adandiimbira foni ndili pasiteji, ndipo kondakitala wina adandifunsa ngati ndagwetsa kanthu pansi.

Amene mwapeza cholakwika m'kalembedwe kanga, chonde ndidziwitseni kudzera kwa mkonzi, ndipo ndidzakonza mokondwera. Za bondo musavutike nazo.