Lamulo Loletsa Kukhudza a Kankhwani

Ana inu, mwambi uja akulu amatonthozera munthu waudindo zikamuvuta sunagwe kumwamba ayi. Unayamba motere.

Kuseri kwa mapiri kunali dziko lina limene mtsogoleri wa boma ankatchedwa Nduna Yaikulu, ndipo pampandopo panali a Kankhwani. Bambowa sanali oipa mtima kwenikweni, koma dzanja lawo linali lofulumira kuposa nzeru. Munthu akalakwitsa sankataya naye mawu. Ankangopinda chala n'kumugogoda pamutu monga muja timayesera chivwende ngati chapsa. Amene ankagogodedwa kwambiri anali a Tembwe, mlangizi wawo pa zamalamulo, munthu wofatsa wadazi lowala.

Tsiku lina chisankho chikuyandikira, a Kankhwani akulankhula pamsonkhano, mayi wina wogulitsa nsomba anawakhuthulira madzi otsukira matemba kumaso. Bambowa anabwerera kunyumba ya boma mantha atawagwira. Ngati anthu akuchita zoterezi iwo adakali pampando, nanga tsiku lodzatsika? Anakumbukira mitu yonse imene anaigogoda, ndipo anaona kuti inalipo yambiri, komanso mutu uliwonse unali ndi manja ake.

Anaitanitsa a Tembwe kuti alembe lamulo. Choyamba, Nduna Yaikulu isazengedwe mlandu pa chilichonse chimene yachita ili pampando, ngakhale itadzapuma. Kenako anati aliyense wokhudza thupi la Nduna Yaikulu, yolamulira kaya yopuma, kapena kuiponyera kanthu ngakhale madzi, akafere kundende. Ndipo poopa kuti wodzalowa m'malo mwawo angadzakhululukire adani awo, kapena kuti anthu angadzawakakamize kunena kuti analola okha kugwidwa, anawonjeza kuti mlanduwu ulibe chikhululuko, ndipo chilolezo cha mwini thupi n'chopanda ntchito.

A Tembwe anasiya kulemba. "Bwana, nanga dokotala? Nanga mayi kunyumba?"

"Khoswe amalowera pa kabowo kakang'ono," anatero a Kankhwani. Anawagogoda padazi paja, n'kuwachotsa ntchito tsiku lomwelo. Aphungu a nyumba ya malamulo, amene nawonso anali ndi mitu yoisamala, anavomereza lamulolo akuwomba m'manja.

Poyamba zinali zokoma. Akamadutsa, anthu ankapatuka manja ali kumbuyo, ndipo alonda amene lamulo linawapatsa ankawazungulira usana ndi usiku, maso ali tcheru kuti aone wokhudza. Koma Loweruka lina wometa wawo anafika, n'kuima pakhomo, n'kupepesa kuti ali ndi ana aang'ono. A Kankhwani anadabwa, koma anaseka. Chimene sanaseke n'chakuti atalowa kuchipinda anapeza akazi awo, Nachisale, akusamutsa zofunda.

"Mayi, lamuloli ndinalemba ndine!"

"Ndiye mukulidziwa bwino kuposa ine, bambo," anayankha Nachisale. "Alonda anuwa ali ndi maso, ndipo ine ndili ndi adzukulu."

A Kankhwani anakhala pabedi. Mumtima anati chisankho chikangodutsa adzalikonza mwakachetechete, chifukwa kulisintha pamenepo kukanakhala kudziyalutsa. Koma chisankho chinadutsa nawo limodzi. Anthu anasankha a Tembwe, dazi lomwe lija, ndipo a Kankhwani anakapuma kumunda kwawo ndi ulemu wonse, alonda ali pambuyo. Atatuma mthenga kukapempha kuti lamulo lifewetsedweko, a Tembwe anayankha mwaulemu kuti lamulo lolembedwa ndi munthu wanzeru chotere iwo sangayerekeze kulikhudza.

Tsono tsitsi silidziwa malamulo. Linkangomera. A Kankhwani anayesa kudzimeta okha ndi lumo, koma anadzicheka khutu, magazi n'kuyenderera mpaka m'khosi, dokotala ataima patali n'kumawalozera pomanga ndi ndodo. Kuchokera tsiku limenelo analumbira kuti lumo sadzaligwiranso. Tsitsi linakula, linapotana, linagwirana, mpaka mutu unafanana ndi dengu la thonje. Chipewa chinakana. Polowa m'galimoto ankayamba alowetsa mutu chammbali, thupi n'kutsatira. Ndipo m'nkhalango imeneyo munasamukira nsabwe, zimene sizinawerengepo lamulo lililonse. Munthu amene ankanjenjemeretsa dziko ankangokhalira kudzikanda pakhonde. Zinali zomvetsa chisoni, ngakhale kuti ambiri ankaseka. Mankhwala amene anawathandizako anali akale aja, parafini, amene ankadzithira okha m'mutu.

Ndiye linafika tsiku lokumbukira ufulu wa dzikolo. Mwambo wake unali wakuti Nduna Yaikulu yopuma iyatse muuni pabwalo la masewero, n'kuupereka m'manja mwa yolamulira, anthu onse akuona. M'mawa umenewo a Kankhwani anaganiza za manyazi odzikanda pamaso pa dziko lonse, choncho anathira parafini wochuluka kuposa masiku onse. Nachisale atamva fungo anawachonderera kuti asapite, kapena muuniwo ayatse wina. Iwo anakana, amvekere akapanda kuoneka anthu aziti Kankhwani watha.

Dzuwa linali pamutu, bwalo litadzaza. Asilikali anaguba, oimba anaimba, a Kankhwani anayatsa muuni n'kuukweza m'mwamba monyadira. Kamphepo kanangowomba pang'ono, lawi n'kuweramira pa dengu lija. Mutu wonse unangoti phuu!

Amayi anagwira pakamwa, oimba malipenga anaiwala kupuma. A Kankhwani anaponya muuni n'kuyamba kudzipanda okha, koma manja awo sankafika pakati pa tsitsilo, ndipo moto unkadya kulowera kuchikopa. Anakuwira ozimitsa moto, amene anali pomwepo ndi galimoto yodzaza madzi. Mkulu wawo anaima njo, n'kuchita sawasha, misozi ili m'maso, koma madzi sanatsegule. Nachisale, amene pa nthawiyi anaiwala za ndende ndi za adzukulu zomwe, anavula mpango n'kuthamanga kuti akaphimbe motowo. Alonda anamugwira. Anapanga mpanda kuzungulira bwana wawo kuti pasapezeke womukhudza, monga mwa ntchito yawo. Sanatetezedwepo bwino chotere a Kankhwani chibadwire, ndipo ankafa.

Utsi uli m'maso, anayang'ana khamu lonselo, anthu osawerengeka, aliyense ali ndi manja awiri, koma opanda ndi mmodzi yemwe wowatambasula. Pamenepo ndi pamene mutu wawo, mwina chifukwa cha kutentha, unayamba kugwira ntchito. Anakumbukira mawu oyamba a lamulo lawo. M'dziko lonselo munali munthu mmodzi yekha amene akanatha kuwakhudza osazengedwa mlandu, lero kapena mawa, ndipo munthuyo anali ataima pafupi, dazi likuwala, akudikira kulandira muuni.

"A Tembwe! Ndimenyeni!"

A Tembwe anapendeketsa khutu, n'kuwasendezera chimkuzamawu. "Mwati bwanji, bwana? Akumbuyo sanamve."

"Ndimenyeni m'mutu, chonde, ndikupsa!"

Dziko lonse linamva. A Tembwe anavula jekete n'kuliponya pamotopo, alonda osadziwa kuti agwire ndani popeza onse awiri anali osakhudzidwa. Kenako anapinda malaya m'mikono, n'kuyamba ntchito. Kunena zoona, moto unazima ndi nkhonya zoyambirira zomwe. Koma a Tembwe anali munthu wosamala. Ankati akaona kautsi apa, nkhonya. Akakayikira kuti mwina kuseri kwa khutu kwatsala kakhala, nkhonya. A Kankhwani anayesa kuzinda, kupendekera kumanzere, kuwerama, koma mutu unali waukulu kwambiri moti kulikonse kumene nkhonya inkagwera inkaupeza uli pomwepo. Anthu amene anali atauma ndi mantha anaumanso kachiwiri, chifukwa chibadwire anali asanaonepo Nduna Yaikulu ikupulumutsa inzake mwakhama chotere.

Pomaliza a Tembwe anapukuta thukuta padazi, n'kufunsa ngati pali pena pamene pakutenthabe. A Kankhwani, atakhala pansi miyendo tambalale, anayankha msangamsanga kuti ayi, pazima ponse, zikomo kwambiri. Ndipo anathokozadi, pakuti moyo unali utatsala.

Madzulo ake anali pakhonde kwawo, mutu uli zibowo ndi zotupa, tsitsi lotsala likununkha ngati chikopa chowauka. Nachisale anakhala chapatali, akuwapatsira nsalu yonyowa pansonga ya nsungwi. Bambowa anadandaula kuti mawa akasuma, chifukwa nkhonya zambiri zija zinagwa moto utazima kale. Mayiwo anawafunsa kuti akasumira ndani, ndipo pa lamulo liti.

A Kankhwani anati, chapansipansi, "Komatu ndinayesetsa kulewa, mayi."

Nachisale anawayang'ana, n'kuyang'ana mutuwo, chifundo ndi kuseka zikulimbana pankhope pake.

Tsono inu amene mukulota mipando, mukadzakhalapo musadzadzimangire mpanda wopanda khomo, chifukwa mavuto a udindo amadumpha mpanda, koma okuthandizani sadumpha. Mawu amene Nachisale anayankha amuna ake tsiku limenelo ndi omwe tikunenabe mpaka lero:

"Mukanalewera kuti, bambo? Mutu ukakula sulewa nkhonya."