Abakha a Wanjiru ndi Mapaipi a Bambo

Nkhani iyi kwathu amaikamba akuseka, koma ine ikayambika ndimanamizira kukatenga madzi akumwa.

Tinkakhala ku South B, ku Nairobi, ine ndili ku pulayimale, wopanda mnzanga ndi mmodzi yemwe. Chiswahili changa chinkathera pa "habari". Bambo anali injiniya wa za madzi, ndipo anapanga okha makina otenthetsera nyumba m'chisanu cha Julayi. Makinawo ankapopa madzi m'chitsime, kuyamwa kutentha kwake, n'kuwataya m'ngalande ya kumpanda.

Ngalandeyo ndiyo inkabweretsa Wanjiru, mtsikana wa nyumba yoyandikana nafe, pamodzi ndi abakha ake. Iye uko, ine kuno, tinkangoonerera abakha akusamba. Sitinayankhulanepo (koma ine ndinkati ndi chinzake ndithu).

Kenaka Bambo anati tikuwononga madzi. Anakumba maenje, nakwirira mapaipi ataliatali kuti madzi omwewo azingozungulira osatuluka. Ngalande inauma. Wanjiru sanabwerenso.

Loweruka lina makolo atapita kumsika, ndinaona kampopi kofiira kunsi kwa makinawo. Ndinati nditsegule pang'ono chabe, ngalande inyowe, abakha abwere. Ndikupotokola, konse kanazuka! Madzi adzimbiri anandiwomba kumaso. Ndinatseka ndi chala, zinakanika. Ndinatsekera sokosi, inauluka. Mapeto ake ndinangokhalapo. Makina anatsokomola, ananunkha ngati tsitsi lopserera, kenaka zii.

Bambo anandipeza ndili chikhalire papaipi, diresi lili nyowe.

"Mama, ukufungatira mazira?" anandifunsa akuseka.

"Bambo ake, musamuseke, mwana akunjenjemera," anatero Amayi, chonsecho nawonso atagwira pakamwa.

Ndinafotokoza zonse ndikusisima. Bambo anasuzumira m'makina, anandiyang'ana, anapukusa mutu.

"Ndiye makina angawa afera abakha? Bwanji osangokagogoda pageti pawo?"

(Nzeru imeneyi inali isanandifikepo.)

Julayi yense tinagona titavala majuzi awiriawiri. Amayi, pondimvera chisoni, anakazinga mandasi nandipatsa m'mbale yawo yamaluwa kuti ndikapereke kwa Wanjiru. Ndinapita ndithu. Ndinaima pageti, ndinakweza dzanja, ndipo ndinamva Wanjiru akuseka ndi anzake m'katimo. Anali nawo anzake, ambiri ndithu. Ndinaika mbale pansi mwaulemu n'kuthawa.

"Wati chiyani mnzako?" anafunsa Amayi.

"Wathokoza," ndinatero.

Mbale ija Amayi akuifunsabe.